Uyambe Wapuma, Penyani

Nangongwe, Kafue

Penyani mwana wanga,

Lero nsomba ndazisiya m'manja mwa Amake Bupe, uja tigulitsa moyandikana pa msika, ndabwera kunyumba dzuwa likali pamutu kuti ndikulembere usanabwere kuchokera ku Shimabala kumene wapita kukatsazika amalume ako. Usaseke. Ndidziwa kuti tikhala nyumba imodzi ndipo mawa ndikuperekeza ku basi, koma iwe ndi ine tidziwana. Ndikati ndikuuze pakamwa, ndidzayambira pa sopo, ndipite pa atsikana a ku Kitwe, ndikafike pa agogo ako mmene anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo chimene ndifuna kunena chidzatsalira pakhosi basi itanyamuka. Pepala lili ndi ubwino umodzi, ukatopa nalo ungalipinde, pamene amako palibe anawapindapo.

Choyamba ndinene chimene chadzaza mumtima. Ndine wonyada, Penyani. Ndayenda chifuwa chili patsogolo sabata yonse ngati mayeso ndinalemba ndine, ndipo aliyense wobwera pa thebulo langa, angakhale wongofunsa mtengo, wachoka atamva kuti mwana wanga apita ku koleji ya aphunzitsi ku Kitwe. Ena amandiyang'ana kawiri n'kufunsa kuti, uja wachibwibwi? Ndimati inde, yemwe uja, manje mufuna nsomba kapena mufuna nkhani?

Koma ndidziwanso chimene chakhala chikukudya. Unamva kwa mnzako amene ali kale ku koleji imeneyo kuti tsiku loyamba aliyense amaimirira pamaso pa anzake n'kunena dzina lake ndi kumene achokera. Kwa ena ndi nkhani ya kuphethira kwa diso. Kwa iwe dzina lako ndilo limakana kuposa mawu onse, ndipo ife amene tinakupatsa sitinadziwe kuti lidzakutsekera milomo chotero. Ndiye sabata yatha unatulutsa malaya m'sutikesi n'kunena kuti mwina ungokhala ku garaji ya amalume ako, kumene injini sizifunsa munthu dzina. Malaya aja unawabwezamo, ndinaona. Koma sutikesi imene yatsegulidwa kamodzi ingatsegulidwenso, ndipo ku Kitwe kulibe amene akudziwa kuti ndiwe yani. Ndikulembera chifukwa cha tsiku limenelo, pamene adzakuseka koyamba, mtima n'kukuuza kuti nyamula katundu ubwerere ku Kafue.

Munda wokupatsa ndilibe, ndipo za mowa ndi atsikana atate ako akuuza kale m'mawu awo ochepa aja. Chimene ndili nacho ine ndi ndowa ya kuseri kwa nyumba, ija timaivundikira n'kukhalapo mmawa. Ndowayo sungakwere nayo basi, koma chimene timachita pamenepo sichilemera, ungapite nacho kulikonse. Iwe unabwera kudzakhala nane pa ndowa nditayamba kale kuzolowera, ndiye mwina uganiza kuti amako anachitola mosavuta. Funsa atate ako, adzaseka mpaka kutsokomola. Ndifuna udziwe mmene ine ndinaphonyera, kuti nawe ukaphonya kumeneko usadzati zinthuzi zakukana.

Zinayamba iwe ukali ku sekondale, pamene mutu unkandiwawa kunkhongo ndipo m'makutu munkalira ngati mwalowa nyenje. Ku kiliniki ndinapeza nesi wachitonga, ba Sisita Mutinta, munthu wamfupi, wosathamangira chilichonse. Anandimanga kachipangizo ka bipi, kaja koyezera kuthamanga kwa magazi, pamkono n'kundiuza kuti ndikhale chete kuti kawerenge bwino. Ine chete? Ndinawafotokozera za kukwera kwa malasha, za mpongozi wa aneba, za mvula imene inachedwa. Anamasula, anamanganso, ine ndikali pakati pa nkhani. Pomaliza anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Ba mayo, bipi yanu yakwera maningi," anatero. "Mapilisi nizakupasani, muzimwa osalumpha. Koma nifuna muphunzire na kunkhala chabe."

Ndinawauza kuti kukhala ndiyo ntchito yanga, ndimakhala pa thebulo la nsomba kuyambira mmawa mpaka madzulo. Iwo anati lokhala pamenepo ndi thupi chabe, koma mwini wake amakhala ali ku doko la nsomba ku Chanyanya, ali kunyumba, ali ku chaka chamawa. Ndiye anandionetsa pomwepo pa benchi. Msana woongoka koma osauma ngati wa msilikali, mapazi onse pansi, manja pa maondo, maso otseka kapena oyang'ana pansi. Kenaka kungomva mpweya ukulowa m'mphuno, mimba ikukwera, mpweya ukutuluka, mimba ikutsika. Maganizo akakutenga, ukangozindikira, ubwerere ku mpweya. Ndinadikira kuti apitirize, iwo anati zatha, ndi zomwezo, ophunzira amazitcha mediteshoni. Ine mumtima ndinati, kalanga ine, ndayenda ulendo wonsewu mutu ukuwawa kuti andiphunzitse kupuma, ntchito imene ndinayamba tsiku limene ndinabadwa. Ndinawafunsanso mosabisa ngati si za mizimu yachilendo, poti ine ndine wa chigwirizano cha amayi ku tchalitchi ndipo yunifomu yanga sindifuna kuidetsa. Anaseka n'kunena kuti iwonso amaimba kwaya, mpweya umenewo anatipatsa ndi Mulungu, ndipo palibe dzina la wina aliyense loti ndiliitane.

Mmawa mwake ndinavundikira ndowa kuseri kwa nyumba n'kukhalapo. Atate ako anasuzumira pa windo n'kukuuza kuti uziyenda pang'onopang'ono, nkhuku yafungatira, mazira angazizire. Mpaka lero nthabwala imeneyo sanatope nayo.

Kuphonya kwanga koyamba kunali kuganiza kuti m'mutu muyenera kukhala mbee, mopanda kanthu. Nditangotseka maso, maganizo anabwera onse ngati aitanizana. Kodi nsomba za dzulo sizinachite nkhungu, kodi mabwato abwera ndi milamba, kodi mkazi uja anatanthauzanji ndi mawu aja ananena chaka chatha. Ine n'kumawapirikitsa mmene ndipirikitsira ntchentche pa nsomba, ndipo ndinanyamuka pa ndowa nditatopa kuposa mmene ndinakhalira. Nditabwerera ku kiliniki ndinauza ba Sisita kuti zimenezi si za anthu a mutu ngati wanga. Anandifunsa ngati anthu onse odutsa pa thebulo langa ndimawatsatira mpaka kunyumba kwawo. Ndinati iyayi, ndine wamisala kodi? Anafunsanso ngati ndimawaletsa kudutsa. Ndinati msika si wanga. Anati basi, maganizo ndi anthu a pamsika, muwaone, adutse, inu mukhale pa thebulo panu, ndipo mukapeza kuti mwatsatira wina mpaka ku msewu, bwererani osadzitukwana. Gwira pamenepo, Penyani. Kubwererako ndiyo ntchito yake. Tsiku limene maganizo akutenga kambirimbiri iwe n'kubwerera kambirimbiri, sunalephere, wagwira ntchito yochuluka kuposa masiku ena. Ganizo loti adzandiseka lidzadutsa pa thebulo lako mmawa uliwonse ku Kitwe. Ulione, ulipatse moni ngati ufuna, koma usalitsatire.

Kenaka ndinati ngati mpweya ndiwo mankhwala, ndimwe wambiri ndichire msanga. Undidziwa, sindichita chinthu mwatheka. Ndinayamba kuukoka ngati ndikupopa tayala la njinga, fuu, fuu, mpaka chizungulire chinandigwira, ndowa inapendekeka, ndinapezeka ndili chagada m'kadimba ka repu. Atate ako anathamanga ndi kapu ya madzi akuganiza kuti yandigwetsa ndi bipi, ndipo atamva chimene chachitika anakhala pansi pomwepo kuseka, madziwo n'kumwa okha. Usaukakamize mpweya, mwana wanga. Umadziwa njira yake wokha, iwe ntchito yako ndi kuuperekeza chabe. Ndi chimodzimodzi liwu likakukakamira. Ndakuonapo ukulikankha ndi khosi lonse, mitsempha itatupa, ndipo pamene ukulikankha ndi pamene limakanitsitsa. Uyambe wapuma.

Za tulo ndisataye nazo pepala. Ndinayesa kuchita masana nditakhuta nshima, nditagona pa mphasa, ndipo aneba anamva mkonono. Uzichita utakhala tsonga, mmawa, m'mimba musanaleme.

Cha phokoso ndicho anthu a mzere wathu sadzaiwala. Ndinkaganiza kuti zimenezi zifuna malo a zii, ndipo iwe udziwa kuti Nangongwe sinakhalepo zii chiyambire. Chigayo chikulira uku, uku anyamata a maminibasi akukuwa Lusaka, uku sitima, uku wailesi ya pa bala ya mowa imene sidziwa kuti kwacha. Mmawa wina ana a aneba anabweretsa mpira wawo wa mapulasitiki pafupi ndi mpanda, ndipo ine ndinapirira, ndinapirira, kenaka ndinadzuka pa ndowa ngati ndalumidwa ndi nyerere n'kukuwa kuti, "Chokani apa! Simuona kuti ndifuna mtendere?" Mawu anafika mpaka kumpopi. Mpaka pano Amake Bupe akandiona ndakwiya amandifunsa ngati ndikufunanso mtendere. Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kuti phokoso nalo ndi munthu wodutsa. Chigayo chikalira ndimati chigayo, n'kubwerera ku mpweya. Ku hositelo mudzagona ambiri chipinda chimodzi, wina ndi nyimbo, wina ndi foni, wina wopemphera mokuwa. Ukadikira kuti dziko likhale chete ndiye uyambe, udzamera imvi usanayambe. Khala m'mphepete mwa bedi lako, mapazi pansi, phokoso ulimve mmene umamvera mvula pa malata. Akakufunsa chimene ukuchita uwauze kuti ukupuma, ndipo akaseka aseke. Nkhuku yofungatira inasekedwapo kale ndipo ikali moyo.

Mutu utasiya kuwawa ndi tulo titayamba kubwera bwino, ndinati ndachira, ndowa inabwerera ku ntchito yake yotunga madzi. Ndinkaikumbukira pokhapokha zinthu zikavuta, ndipo pamenepo sinkandithandiza konse, chifukwa mtima ukayamba kale kuthamanga sumvera njira imene sunaizolowere. Asodzi a ku Chanyanya amasoka maukonde ali pamtunda, osati ali pakati pa mtsinje nsomba zikudutsa. Ndiye ndinaimangirira ku madzi a tiyi. Ndikaika ketulo pa mbaula ndimakhala, ikayamba kulira ndimanyamuka, kaya zayenda bwino kaya sizinayende. Kanthawi kochepa tsiku ndi tsiku kaposa kukhala theka la tsiku kamodzi pa mwezi. Nawenso ukapeze ketulo yako kumeneko, kaya ndi pamene wamanga nsapato usanapite m'kalasi, bola chikhale chinthu chimene umachita mmawa uliwonse. Ndipo usadzauze munthu kuti amako anachira ndi ndowa. Mapilisi ndikumwabe, kupemphera sindinasiye, ndipo ndimapemphera bwinoko tsopano chifukwa ndimafika kwa Mulungu nditakhala kaye pansi.

Phindu lake lenileni ndinayamba kuliona pa doko ku Chanyanya. Udziwa mmene timachitira kumeneko. Bwato likamayandikira, ife ogula timakwinya zitenje n'kulowa m'madzi, ndipo amene wayamba kugwira mutu wa bwato ndiye amasankha nsomba poyamba. Tsiku lina dzanja langa litatsala pang'ono kugwira, mtsikana wina anandigunda ndi chigongono m'nthiti n'kugwira iye. Kale pakanabuka nkhondo yoti asodzi aike nkhafi pansi azionerera. Koma tsiku limenelo ndinamva chinthu chimene sindinachimvepo, ndinaumva mkwiyo ukubwera. Unayambira m'mimba ngati kutentha, unakwera pachifuwa, unafika pakhosi, manja anafumbata okha. Zaka zonsezo ndinkaudziwa utatuluka kale pakamwa, anthu atabalalika. Ndinaima m'madzi ofika m'maondo, ndinapuma, ndinamva kuzizira kwa mtsinje m'miyendo. Usaganize kuti ndinasanduka mngelo. Mtsikanayo ndinamuuza ndithu, koma ndi mawu oti ndingawabwereze pamaso pa abusa. Pakati pa kumva ndi kuchita pali kampata, Penyani, kakang'ono, ndipo ine ndinakula mpaka kubereka osadziwa kuti kalipo. Ndinabwera kunyumba ndi nsomba za bwato lachiwiri, mutu usakuwawa.

Tsopano ndifike pa iwe. Za chibwibwi chako tinayesa zonse, uzikumbukira. Tinakumwetsa madzi m'chigoba cha nkhono monga anatilangizira aneba, abusa anakusanjika manja, ndipo zitakanika ine ndinadzipatsa ntchito yokhala pakamwa pako. Ku shopu, ku kiliniki, kwa ahedi kusukulu, iwe ukangoti wayamba, ine ndamaliza kale. Ndinkafuna kukuchotsa msanga pamaso pa anthu, ndipo Nangongwe yonse inkadziwa kuti mwana wa ba Tembo akafunsidwa amayankha ndi amake. Ndi inenso ndinauza amalume ako kuti ukamaliza sukulu udzapita ku garaji kwawo, poti manja ako ndi abwino ndipo makanika safuna kukamba zambiri.

Madzulo ena tikudya, atate ako anakufunsa chimene ufuna kudzachita ukamaliza sukulu. Unayamba bwinobwino kuti ufuna kukhala, ndipo pamenepo liwu linakakamira. Milomo inatsekeka, maso anapita kudenga, mbamu ya nshima ili m'dzanja. Ine ndinamva chinthu chija cha ku Chanyanya, koma ulendo uno sunali mkwiyo, anali mantha. Anakwera njira yomweyo, m'mimba, pachifuwa, ndipo lilime langa linali litanyamula kale liwu lakuti makanika, lokonzeka kukupatsa. Ndinaliona lili pamenepo. Ndinapuma, ndinaika dzanja pa bondo ngati ndili pa ndowa. Mwana iwe, sindinkadziwa kuti kudikira kungatalike chotero, ndinamva mpaka malasha akuthetheka pa mbaula panja. Atate ako anandiyang'ana modabwa ngati akufunsa kuti mayiyu wadwala kodi. Kenaka liwu linatuluka.

"Mphunzitsi," unatero. "Ndifuna kukhala mphunzitsi, Amama. Ndakhala ndikufuna kukuuzani."

Nshima inandikanika. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ife tinatola chigoba chake n'kusiya kudekhako. Ndinatuluka ngati ndikukaona mbaula, ndinapukuta m'maso ndi chitenje, ndinabwerera ndi funso limodzi lokha, kuti mphunzitsi wa ana otani. Unati wa ana aang'ono amene akuyamba kumene kuwerenga, chifukwa iwe udziwa mmene mwana amamvera akamamufulumiza. Liwu lililonse la yankho limenelo linatenga nthawi yake, ndipo ndinawadikira onse. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti mwana wanga ali ndi nzeru zoposa zimene ndinkamuyankhira.

Posakhalitsa ndinapeza ndowa yachiwiri yavundikiridwa pafupi ndi yanga. Sindinakuitane, unabwera wekha, ndipo atate ako anati manje mazira achuluka. Ndisakunamize, ndipo nawe usadzanamize mwana aliyense amene udzamuphunzitsa: chibwibwi sichinathe. Uli nacho, upita nacho ku Kitwe, mwina udzakalamba nacho. Chimene chinachepa ndi mantha aja ankabwera patsogolo pake n'kukutsekera pakamwa usanayese n'komwe. Unandiuza wekha kuti kale liwu likakakamira unkangoona nkhope za anthu, koma tsopano umamva mapazi ako ali pansi, umamva mpweya, ndipo nkhopezo zimabwerera kukhala nkhope chabe.

Ndiye pamene unatulutsa malaya m'sutikesi sabata yatha, ndinali ndi ulaliki wathunthu pakamwa. Ndinaumeza, ndinapita kukatsuka mbale zoyera kale. Lamlungu linafika, ndipo mkulu wa mpingo, ba Zulu, anakuitana kutsogolo mosakuchenjeza kuti utsazike anthu, n'kukupatsa maikolofoni. Anati uyambe ndi dzina poti pali alendo. Unaima, unatsegula pakamwa, dzina linakana, ndipo sipika inkangotulutsa kupuma kwako. Kumbuyo ana anayamba kuseka. Mayi wina pafupi nane anandigwedeza n'kunong'oneza kuti ndimuthandize mwana. Ba Zulu nawo anandiyang'ana, dzanja atalitambasula kale kuti akulande maikolofoni andipatse ine. Ndinapukusa mutu. Ndinakhalira manja anga onse awiri, ndikunena zoona, ndinawakhalira ngati mwana wa sukulu. Ndipo ndinakuona, mwana wanga. Ndinaona ukutsitsa maikolofoni, mapewa akutsika, mimba ikukwera pansi pa shati. Maso sunawathawitsire kudenga. Unaikwezanso.

"Dzina langa ndine Penyani," unatero. "Ndimachita chibwibwi, ndiye mundidikire. Ndipita kukaphunzira uphunzitsi."

Nthungululu imene inamveka pamenepo inali yanga, ndipo sindipepesa kwa aliyense. Atate ako anatulutsa kampango n'kumadandaula kuti m'tchalitchi muli fumbi. Titafika kunyumba malaya anabwerera m'sutikesi. Ndine wonyada, Penyani, ndanena kale koma ndinenanso, chifukwa pepala ndi langa.

Chimene unachita Lamlungu ndicho ukachite tsiku loyamba ku koleji. Usayese kukhala munthu wopanda chibwibwi, kuyesa kumeneko ndiko kumakumanga khosi. Imirira, umve mapazi, uyambe wapuma, uwauze kuti akudikire. Kumeneko adzakulonjera kuti muli shani, ndipo Chibemba chako cha pa sitesheni chidzawaseketsa ngakhale chibwibwi chisanafike. Wina adzakutsanzira, ameneyo sasowa kulikonse. Udzamva kutentha kuja kukukwera, ndipo ukuone kukali m'mimba, kusanafike pa dzanja kapena pa sutikesi. Ndipo tsiku limene adzakutumiza kukaima pamaso pa ana, uyang'ane bwino kumbuyo kwa kalasi. Padzakhala mwana wina amene dzanja lake limakwera pang'ono n'kutsikanso. Ameneyo ukamufunsa funso, ukhalire manja ako mmene ndinakhalira anga.

Ukamadya uzidya, foni ikhale m'thumba. Ine ndinamwa tiyi zaka zambiri osadziwa kukoma kwake, ndinkangomuthira m'mimba ndikuganiza za mabwato. Ukamayenda kupita m'kalasi, nthawi zina uzingoyenda, osayeserera m'mutu mawu amene udzanene. Ndipo ukadumpha tsiku, kapena sabata yathunthu, usadziweruze ngati wapalamula mlandu. Ubwerere chabe, monga umabwerera ku mpweya.

Likadzafika tsiku loti mtima wanenetsa kuti bwerera ku Kafue, usaumvere uli chiimire. Khala kaye pansi, upume, ugone, mmawa ukhalenso, ndiye uufunse kachiwiri. Chitseko cha nyumba ino sichidzakutsekera. Ukabwera chifukwa wadwala, kapena chifukwa waona bwinobwino kuti uphunzitsi suufunanso, ndidzakuphikira mlamba waukulu kuposa yonse ya pa thebulo langa. Koma usabwere chifukwa cha kuseka kwa anthu. Ana aja anaseka Lamlungu, pofika masana anali ataiwala, akuthamangitsana pabwalo, ndipo iwe ukanataya koleji chifukwa cha iwo.

Dzuwa lapendeka, ndipo nthawi iliyonse ulowa pa geti, ndiye ndimalize ndisanagwidwe. Kalatayi ndiika pakati pa malaya aja. Mawa kondakitala akafunsa kumene upita, udzandiona ndikuyang'ana kumbali ngati ndaona munthu wondidziwa. Si kuti sindinamve.

Chotsiriza ndi cha foni. Ndidziwa kuti pa foni ndi pamene chibwibwi chimakugwira kwambiri, chifukwa anthu akamva zii amayamba halo, halo, n'kudula akuti netiweki yathawa. N'chifukwa chake wazolowera kungotumiza mauthenga olemba. Ine tizilembo tating'onoto maso anga akana, ndipo ngakhale akanalola, ndifuna mawu ako, osati zala zako. Tsiku lija loyamba likatha undiimbire, kaya dzina linatuluka kaya linakana. Ukati Amama kenaka n'kukhala zii, usathamange. Sindidzati halo. Sindidzakumalizira. Sindidzadula. Ndidzakhala pa ndowa kuseri kwa nyumba, foni ili kukhutu, ndikumva ukupuma, mpaka unene wekha.

Ndine amako,
Amake Penyani